Mpira wakale wandidanitsa ndi achimwene

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi mkwiyo, ndiye mukaona mawu ena atalakwika mundikhululukire. Mkazi wanga Darlene ndi amene wandikakamiza kuti ndikulembereni, akuti watopa kundimva ndikulongolola ndekha m'galaja ngati munthu wozungulira mutu.

Ndine bambo wa zaka 58, ndimagwira ntchito pa fakitale ya tchizi kuno kwathu. Chiyambire unyamata wanga, Lachinayi lililonse ndikaweruka ndimakasewera boling'i, masewero ogubuduza mpira wolemera kukagwetsa timitengo totchedwa mapini, mu ligi ya abambo. Timu yathu ndi ya anthu asanu, ndipo kaputeni wake ndi achimwene anga a Duane, amene anandiphunzitsa kulowetsa zala mu mpira ndisanamere ndevu. Musaganize kuti ndine katswiri ayi. Pa mapini khumi oimikidwa kumapeto kwa njira ya matabwa yogubuduzapo mpira, ine ndimagwetsa asanu ndi awiri, mwayi ukandigwera asanu ndi atatu. Anzanga mpira wawo umayenda ngati ukukagwera m'mphepete, kenako n'kukhota mwaukali kukasesa mapini onse kamodzi. Wanga umangopita molunjika, pang'onopang'ono, ngati wilibala.

Ndili mnyamata, pa gemu ina yofunika kwambiri, ndinaponya mpira m'ngalande ya m'mbali mwa njira. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Ngalande. Landikakamira zaka makumi atatu. Pa malaya a timu anzanga onse anawasokera maina awo enieni pachifuwa, ine anandisokera kuti Ngalande. Ndiye mukudziwa mwambo wathu uja wakuti anthu anayi akasesa mapini onse, mmodzi yekha n'kulephera, wolepherayo ndiye amagula mowa wa tebulo lonse. Mayi woperekera zakumwa anafika pomabwera kwa ine asanayang'ane n'komwe pa bolodi kuti walephera ndani. Ndinkaseka nawo limodzi, Aphungu. Nanga ndikanatani?

Zinthu zinatembenuka mu Okutobala. Nyumba imene timasewerera inagulidwa ndi anthu ena, ndipo kapakidwe ka mafuta, amene amapakidwa panjira kuti mpira uzitsetsereka, kanasintha. Kale ankapaka ambiri pakati mpaka kutali, m'mphepete n'kusiya mouma, moti munthu ukalakwitsa pang'ono mpira unkabwerera wokha pamalo pake. Tsopano mafuta amathera pafupi, kutsogolo konse kuli kouma gwa. Mipira yamakono ya anzangayo, ija yodula yogwira thabwa ngati matayala a nthawi yachisanu, ikangotuluka m'mafuta imakhota msanga n'kudutsa mapini kupita kumanzere. Ligi yonse inali madandaulo okhaokha. Anthu akuluakulu ankatukwana makina opakira mafuta ngati kuti ali ndi makutu.

Tsiku lina ndikufunafuna nsapato zanga zopita nazo kosaka agwape, ndinapeza m'galaja mpira wanga wakale wabuluu, umene ndinagula ndisanakwatire. Ndi wa mtundu uja wosamwa mafuta komanso wosakhota kwambiri. Ndinautenga mongoseweretsa, kuti anzanga apeze chosekera china. Aphungu, pa mafuta atsopanowa mpira umenewo unayenda ngati njirayo anaipangira iwo. Pamene ya anzanga inkalumpha uku ndi uku, wanga unkapinda pang'ono chabe n'kukalowa penipeni pofunika. Ine amene ndinkathera pa mapointi 150 pa gemu ndinayamba kudutsa 200, osati kamodzi ayi, sabata ndi sabata.

Sindikubisirani, zinandikomera. Anthu a matimu ena ankasiya mowa wawo patebulo kudzaima kumbuyo kwanga kuti aone. Dzina langa lenileni linalembedwa pa bolodi la pakhomo, pamene amalembapo ochita bwino. Ndinagwada pamenepo kunamizira kumanga chingwe cha nsapato, pofuna kuti ndiliwerengenso kachiwiri. Musandiseke, moyo wanga wonse sizinandichitikirepo.

Chisangalalocho sichinapite patali. Merle, mnzathu wa pa timu amene amayendetsa galimoto yokankha chipale chofewa m'misewu, ndi amene anayamba. Anati, "Iwe Ngalande, chimpira chakochi chikutipakira mafuta kutsogolo, ukudziwa?" Nkhani yake akuti ndi iyi: mipira yawo imamwa mafuta, wanga sumwa, umangowakankha ngati tsache n'kukawasiya kutsogolo, pamalo penipeni pamene mipira yawo imayenera kukhotera. Ndiye gemu yoyamba mipira yawo imakhota mopitirira, pofika gemu yachitatu imangotsetsereka osakhota n'komwe. Akuti sakudziwanso poima.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga timu imene tikulimbana nayo si ikuponya pa njira zomwezi? Bwanji iwo sakulira?" Achimwene anangopukusa mutu n'kupita kukasuta panja.

Zoti mpira wanga umakankha mafuta sindikukana. Ndinakafunsa kwa bambo wobowola mabowo a zala m'mipira, anavomereza kuti zimachitika, koma ananenanso kuti palibe lamulo loletsa mpira umenewu. Zoti timu yathu yatsika kuchoka pa nambala yachiwiri mpaka kufupi ndi kumchira, nazonso n'zoona. Koma kodi mlandu ndi wanga? Ine ndikugwetsa mapini. Si chimene timapitira kumeneko?

Lachinayi lapitali ndiye zinafika poipa. Gemu yomaliza inali yokokanakokana, ine ndinali nditachita mbali yanga, ndipo zonse zinatsalira kwa achimwene chifukwa iwo ndi amene amaponya pomalizira. Ankangofunika kusesa kamodzi basi kuti tipambane. Mpira wawo unatsetsereka pa mafuta aja, osakhota, n'kungopala mapini a m'mbali. Tinaluza. Achimwene anatembenuka nkhope ili psuu. Ananyamula mpira wanga pamene timaika mipira, n'kuyenda nawo holo yonse anthu akuona, kutsegula chitseko n'kuuponya pa mulu wa chipale poimika magalimoto. Atabwerera anandiloza chala n'kunena kuti, "Chimpira chimenecho chikadzalowanso muno, iwe udzatsale nacho panja pompo."

Ndinati, "Achimwene, zaka zonsezi ndakhala ndikukugulirani mowa inu mukuseka. Lero ndayamba kugwetsa mapini mwati ndichoke?"

Yankho lawo ndi limene likundisowetsa tulo. Anati, "Zaka zonsezi takubereka kumsana, Ngalande. Lero watola chimwala m'galaja ndiye ukudziona ngati munthu?"

Ngati munthu, Aphungu! M'bale wanga wa bere limodzi, pamaso pa ligi yonse. Ndinatuluka kukatola mpira wanga nditavala nsapato zosewerera, pamene mwana aliyense amadziwa kuti nsapato zimenezo siziponda ponyowa. Ndinaziononga, ndipo sindinasamale.

Ndili panjapo ndikupukuta mpirawo ndi malaya, anatulukira Rollie Vandenhouten, kaputeni wa timu imene ili pamwamba mu ligi, atandinyamulira jekete langa. Anati, "Akulu, zimene zachitikazi si zabwino. Munthu wathu mmodzi akukachitidwa opaleshoni ya phewa, malo alipo. Bwerani kwathu. Mubwere ndi mpirawo, ndipo tikusokerani dzina lanu lenileni pa malaya." Akufuna yankho Lachinayi likubwerali tisanayambe kusewera.

Chichitikire zimenezo ine ndi achimwene sitinalankhulane. Lachisanu timadya nsomba yokazinga limodzi ndi akazi athu, iwo sanabwere, inenso sindinafunse. Lamlungu aliyense anapita payekha kukaona amayi athu ku nyumba ya okalamba. Darlene akungoti, "Inu bambo, zoona mudane ndi m'bale wanu chifukwa cha mafuta opaka pansi?" Ine ndimamuuza kuti si mafuta ayi, koma ndikafuna kufotokoza mawu amandithawa.

Ndiye ndithandizeni. Ndibwezere mpirawo m'galaja ndikhalenso Ngalande wogula mowa, kapena ndipite kwa Rollie ndidzawasese achimwene anthu onse akuona? Kunena zoona mtima wanga ukufuna chachiwirichi, ndipo ukuchifuna kwambiri. Chimodzi chokha, musandiuze zopepesa. Sindinalakwire munthu.

L.P., Two Rivers

Bambo L.P.,

Kalata yanu yandipsetsa mtima inenso, ndipo ndiyamba ndi achimwene anuwo. Munthu wamkulu, waimvi, kaputeni wa timu, kunyamula mpira wa mnzake kukautaya panja ngati akutaya mphaka wakuba nsomba? Ndi zachibwana, ndipo mawu amene anatsatirapo ndi oipa kuposa pamenepo. Pa zimenezo sindikuuzani kuti mupepese. Wopepesa ndi iwowo.

Ine ndasewerapo mu ligi ya amayi kwa zaka zambiri mpaka bondo langa linakana, ndiye za mafuta ndikuzidziwa. Funso lija munamufunsa Merle, lija anasowa nalo yankho, ndi limene lanyamula nkhani yonse. Matimu enawo akuponya pa mafuta omwewo amene mpira wanu wakankha, koma akupambana chifukwa akaona kuti njira yasintha, nawonso amasuntha. Anzanuwo anazolowera mafuta akale aja owakonzera zolakwa, anaima pa thabwa limodzi zaka zonsezi mpaka anaiwala kuti mapazi amasuntha. Tsopano zawavuta, ndipo m'malo mophunzira apeza munthu wom'loza chala. Asankha inu chifukwa munawazoloweza kuti mulibe pakamwa.

Koma nanunso khalani pansi mumve. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo sindinapezemo pamene mukumvera chisoni anzanu anayi amene akubwerera kwawo mitu ili pansi sabata iliyonse. Mukuti mumapitira kukagwetsa mapini. Ayi bambo, mu ligi mumapitira kuti timu ipambane, ndipo mapini anu owonjezerawo sakukwanira kukwirira dzenje la anthu anayi. Mukudziwa kuti mpira wanu ukuwasokoneza, mwachita kukafunsa, koma simunasinthe kanthu ngakhale kamodzi. Mukumva kukoma kuwaona akuvutika. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma tisanamizane kuti palibe.

Chitani izi. Lachinayi lisanafike, pitani kunyumba kwa a Duane. Osati pafoni, osati pa holo pamene pali anthu oonerera, ndipo mpirawo muusiye kwanu. Za mafuta musayambe nazo. Muwauze chimene mawu amakuthawirani mukafuna kuuza a Darlene: kuti dzina lija linasiya kukoma kalekale, kuti munkaseka chifukwa chosowa chochita, ndiponso kuti mawu aja akuti mukudziona ngati munthu anakulasani pamtima. Nenani mosazungulira, mokweza ngati mukufuna. N'kutheka ndithu kuti munthuyu sakudziwa, chifukwa zaka makumi atatu wakhala akukuonani mukuseka. Inuyo munamuphunzitsa kuti sizipweteka, ndiye inuyo mumuphunzitsenso kuti zimapweteka.

Zimenezo zikatuluka, kambiranani za njira ngati anthu amene amadziwa masewerowa. Pemphani eni nyumba akupakireni mafuta omwewo Lamlungu lina m'mawa, mukayese nonse asanu popanda mpikisano. Inuyo sunthirani kumanja kwenikweni, kufupi ndi m'mphepete, muziponya molunjika kuti mafuta amene mukukankha azikathera kumene mipira yawo sidutsa kwambiri. Muzipukuta mpirawo ndi thaulo nthawi iliyonse musanaponye, osadumphitsa, chifukwa mafuta otsalira pa mpira ndi amene mumakawasiya kutsogolo. Iwonso asiye kuyang'ana mapini, aziyang'ana pamene mpira ukuyambira kukhota. Ukaphonya kumanja, asunthire mapazi kumanja thabwa limodzi kapena awiri, achepetseko liwiro. Amene ali ndi mipira iwiri ayambe ndi wofatsa, wolusawo ausungire gemu yachitatu, ndipo ngati n'kuukwecha ndi sandipepala aukwechere masewero asanayambe. Merle amakankha chipale tsiku lililonse, asanamizire kuti sadziwa zoti chinthu chokankhidwa chimakaunjikana kutsogolo n'kufuna kuchilambalala.

Mukayesa zonsezi ndi mtima umodzi koma timu n'kumavutikabe, perekani nokha maganizo akuti mpira wabuluuwo muziutulutsa gemu yomaliza yokha. Zichokere pakamwa panu, osati molamulidwa ndi munthu. Koma pa nkhani ya malaya musagonje ngakhale pang'ono. Akusokereni ena okhala ndi dzina limene amayi anu anakupatsani, ndipo aliyense wokuitanani Ngalande musamuyankhe mpaka atopa.

Ngati a Duane atseka makutu, n'kubwereza mawu aja m'nyumba mwawo mtima uli m'malo, pamenepo chokani, ndipo ine sindidzakudzudzulani. Koma muchoke chifukwa cha mawuwo, osati pofuna kukawachititsa manyazi pagulu. Mukawasesa tsiku limodzi, holo idzaomba m'manja, kenako aliyense adzapita kwawo. Inu mudzatsala mukuzembana ndi m'bale wanu Lamlungu lililonse kwa amayi anu.

Tsopano za Rollie, ndipo apa tcherani khutu. Munthu ameneyu wakhala akukuonani mukusewera zaka zonsezi, kodi anakuitananipo liti? Mverani bwino zimene ananena panja paja: mubwere ndi mpirawo. Akuitana mpira, inu ndinu wounyamula chabe. Ndipo mafuta sakhalitsa, bambo. Eni nyumba atsopanowo akatopa ndi madandaulo a makasitomala adzabwezera kapakidwe kakale, mwina mwezi wamawa womwewu, osauza munthu. Tsiku limenelo mpira wanu wabuluu udzasiya zodabwitsa, inu mudzabwerera pa 150 panu, ndipo Rollie adzakugwirani paphewa mwaulemu n'kukuuzani kuti munthu wawo uja wachira.

M'tauni mwanu muli timu imodzi yokha imene inasungapo munthu wa 150 kwa zaka makumi atatu osamusaka wom'lowa m'malo, ndipo kaputeni wake ndi wamwano yemweyo. Pitani mukam'kalipire mpaka amve. Koma musanam'taye, dzifunseni kuti mafuta akadzasintha ndani adzakusungireni mpando Lachinayi.

Phungu wanu